Mphindi 45 za pakati pa Lilongwe ndi Mzuzu

M'masabata apitawa tsamba lino lalandira makalata angapo ofunsa za maulendo a pandege. Pa makalata onsewo, imene yatikhudza kwambiri ndi ya mkulu wina wa mpingo wa m'boma la Kasungu. Bamboyu akuti tsiku lina Lamulungu, atatuluka m'tchalitchi, akhristu ake adatsutsana mpaka dzuwa kupendeka. Ena ankati ndege imayenda mphindi 45 zokha kuchoka ku Lilongwe kukafika ku Mzuzu. Ena ankati limenelo ndi bodza, popeza iwo eni adakwerapo basi pa Kasungu pomwepo, pamene mtunda wina wadulidwa kale, koma adakafika ku Mzuzu msana utauma. Kenaka mayi wina adaponya funso limene lidawakhalitsa chete onse. Iye adati ngati ulendowo ndi waufupi chotero, zidatheka bwanji kuti ndege isowe panjira, dziko lonse n'kugona osaipeza?

Akuluakulu adati safunsa adadya phula. Mkulu wa mpingoyu wachita bwino kufunsa, ndipo ife taona kuti funso lake ndi la anthu ambiri. N'chifukwa chake lero taliyankha m'ndemanga muno, kuti yankho likafike kwa awerengi onse, makamaka abusa, ansembe, mashehe ndi mafumu, amene anthu amathamangirako akasowa wowamasulira zinthu.

Tiyambe ndi mtunda. Bwalo la ndege la Kamuzu lili ku Lumbadzi, pafupifupi makilomita 25 kumpoto kwa mzinda wa Lilongwe. Bwalo la Mzuzu lili m'mphepete mwenimweni mwa mzinda wa Mzuzu. Munthu atakoka chingwe chowongoka kuchoka pa bwalo lina kukafika pa linzake, chingwecho chingatalike pafupifupi makilomita 260. Kwa agogo athu amene adazolowera kuwerenga mamailosi, amenewo ndi mamailosi pafupifupi 160. Koma amene akuyenda pa msewu wa M1 kuchoka mumzinda wa Lilongwe, kudzera pa Mponela, Madisi, Kasungu, Jenda ndi Chikangawa, amayenda makilomita oposa 350. Msewu umazemba mapiri, umafunafuna pamene pali mlatho, umakhota kuti udutse pa misika. Ndege ilibe ntchito ndi zonsezo. Paja amati khotekhote ngwa njira, kwalinga mtima nkomweko.

Tsono nthawi. Ndege yaing'ono ya mapiko oulutsidwa ndi zopukusa ziwiri imatha kuyenda makilomita 350 pa ola limodzi. Mwana wa sukulu angathe kuwerengera yekha kuti pa liwiro lotere makilomita 260 amatha m'mphindi pafupifupi 45. Choncho akhristu amene ankanena za mphindi 45 sadaname. Nawonso amene ankanena za basi sadaname, chifukwa basi yoyenda bwino imatenga maola asanu kapena asanu ndi limodzi, ndipo ikamaima pa siteji iliyonse kukweza matumba a chimanga imatha tsiku. Makolo athu amene ankayenda wapansi, atati aziyenda makilomita 30 pa tsiku, akadatha masiku khumi ndi awiri panjira yomweyo. N'chimodzimodzinso kummwera. Kuchoka ku Lumbadzi kukafika ku Chileka ndi makilomita pafupifupi 245 m'mwamba, pamene pa msewu wodzera pa Dedza, Ntcheu ndi Zalewa ndi makilomita oposa 300, ndipo ndege siikwanitsa ola limodzi pa ulendowo.

Komabe tisanamizane kuti mphindi 45 ndi lamulo losasinthika. Ndege zimasiyana liwiro monga momwe njinga ya moto imasiyanirana ndi yakapalasa. Mphepo ikamawomba kuchokera kutsogolo ndege imachedwa, ikamakankha kumbuyo imafulumira. Woyendetsa akaona mtambo woopsa amauzungulira, ndipo mtunda umawonjezeka. Akafika pamwamba pa bwalo n'kupeza kuti pansi sipakuoneka, amazungulira kudikira kuti kuyere, apo ayi amabwerera kumene wachokera. Ndiye pali nthawi ina imene anthu saiwerengera, monga yochoka m'tauni kupita ku Lumbadzi, yoonetsa tikiti, yopimitsa katundu ndi yodikira. Zonsezi zikaphatikizidwa, ulendo wa mphindi 45 umadya maola awiri kapena atatu.

Tafika tsopano pa funso la mayi uja, limene ndi lolemera kuposa loyamba. Aliyense akukumbuka Lolemba la pa 10 June 2024. Ndege ya asilikali ya mtundu wa Dornier 228 idanyamuka ku Lumbadzi itangodutsa kota pasiti 9 koloko m'mawa, ndipo inkayembekezeka kutera ku Mzuzu cha m'ma 10 koloko. M'ndegemo mudali wachiwiri kwa mtsogoleri wa dziko lino pa nthawiyo, Dr Saulos Chilima, mayi Patricia Shanil Dzimbiri ndi anthu ena asanu ndi awiri. Ankapita ku Nkhata Bay ku maliro a Ralph Kasambara, amene adakhalapo nduna ya zachilungamo. Ndegeyo siidafike. Idapezeka mawa lake, pa 11 June, itagwa ku Nthungwa m'nkhalango ya Chikangawa, ndipo onse asanu ndi anayi adali atatisiya. Ulendo umene udayenera kutha munthu asanamalize kuphika nyemba udasanduka maliro a dziko lonse.

Kuti timvetse, tiyenera kudziwa dziko limene lili pansi pa njira imeneyi. Mabwalo awiriwa ali pa msinkhu wofanana ndithu, mamita oposa pang'ono 1,200 kuchokera pa nyanja yamchere. Koma pakati pawo, ulendo ukamayandikira kumapeto, pali mapiri a Viphya, amene malo ena amapitirira mamita 1,800. Ndiye kuti nthawi imene woyendetsa akuganiza zotsika kuti akatere, nthaka nayo ikukwera kudzakumana naye. M'miyezi ya June ndi July mapiri amenewa amafunda nkhungu ndi mvula yowaza. Madalaivala a mabasi amadziwa bwino kuti pa Chikangawa munthu amatha kuyatsa nyali masanasana koma osaona galimoto imene ili patsogolo pake.

Apa mpamene liwiro lija, limene timalitama, limasanduka mdani. Ndege yoyenda makilomita 350 pa ola imadutsa pafupifupi makilomita asanu ndi limodzi pa mphindi imodzi. Kilomita imodzi imatha m'masekondi khumi okha. Dalaivala wa basi akaona kuti nkhungu yachuluka amaponda buleki, amaimika pambali pa msewu, anthu n'kumadya nthochi podikira. Ndege ilibe pambali pa msewu. Woyendetsa akaona phiri likutuluka mu nkhungu pa mtunda wa kilomita imodzi, nthawi imene watsala nayo ndi yochepa kuposa imene mwatha powerenga ndime inoyi. Kufupika kwa ulendo sikuchotsa phiri, ndipo sikuyeretsa kumwamba.

Akatswiri a ku Germany ofufuza ngozi za ndege adabwera kudzaona zimene zidachitika. Adatulutsa lipoti loyamba mu August 2024 ndi lomaliza mu 2025. Iwo adapeza kuti ndegeyo inkayenda motsata malamulo oti oyendetsa aziona pansi ndi maso, koma idalowa m'nyengo imene maso sakadathandiza, mpaka idawomba mtunda wokwera. Nalo bungwe lofufuza limene lidatsogoleredwa ndi Justice Jabbar Alide lidapereka lipoti lake mu December 2024, ndipo lidati silidapeze umboni woti padali chiwembu. Lidaloza nyengo yoipa ndi zofooka za anthu. Tikudziwa kuti alipo ambiri amene mitima yawo siidakhazikike ndi mayankho amenewa, ndipo ife sitikuwaletsa kufunsa. M'dziko la ufulu kufunsa si mlandu. Koma m'malipoti omwewo muli zinthu zina zimene tikufuna kuti awerengi athu azigwiritse.

Choyamba, m'ndege mumakhala kachipangizo kamene ntchito yake ndi kulira pa wailesi ndege ikagwa, kuti ofunafuna adziwe pamene ili. Akatswiri aja adapeza kuti kachipangizo ka m'ndege imeneyi sikankagwira ntchito, chifukwa batire lake lidatha mphamvu mu 2004. Werengani nokha. Kuchokera 2004 kufika 2024 ndi zaka makumi awiri. Mwana wobadwa chaka chimene batirelo lidafa adali atakula, mwina atakwatira kale. Chachiwiri, m'ndegemo mudalibe makina ojambula mawu a oyendetsa ndi kayendedwe ka ndege, amene amathandiza kudziwa chimene chidachitika. Chachitatu, zimene oyendetsa ankakambirana pa wailesi ndi oongolera ndege ku Lilongwe sizidajambulidwe. Yankho la funso la mayi wa ku Kasungu lagona pamenepa. Ndege idasowa pa ulendo waufupi chifukwa idalibe pakamwa poitanira, ndipo ofunafuna adavutika m'nkhalango yodzaza nkhungu.

Wina anena kuti zimenezi ndi za mabwana, ife a kumudzi sitidzakwerapo ndege. Maganizo amenewa ife tikuwakana. Ndege za boma zimagulidwa ndi kukonzedwa ndi msonkho, ndipo msonkhowo amapereka ndi inu nomwe pogula sopo, shuga ndi chitenje. Munthu amene wapereka ndalama ali ndi ufulu wofunsa mmene zayendera. Komanso tisaiwale msanga zimene zidachitika mu March 2023, namondwe wa Freddy atakokolola milatho ndi misewu m'maboma a Mulanje, Phalombe, Chikwawa ndi Nsanje. Midzi ina idatsekeka kotheratu, ndipo thandizo linkafika ndi ndege za helikopita, zina zochokera kwa anansi athu a ku Tanzania ndi ku Zambia. Amene ankadikira ufa ndi mankhwala kuchokera kumwamba masiku amenewo adali alimi ngati inu. Tsiku la tsoka, ndege yosamalidwa bwino ndi bwalo lokonzeka zimapulumutsa wa kumudzi poyamba.

Nkhani ya mabwalo athu nayo njofunika kuinena poyera. Msewu umene ndege imathamangapo ku Lumbadzi ndi wotalika makilomita oposa atatu. Wa ku Mzuzu sukwana kilomita imodzi ndi theka, kotero ndege zikuluzikulu sizingaterepo. M'masiku a Air Malawi, imene idayamba mu 1964 n'kutsekedwa mu 2013, ndege zonyamula anthu zinkatera ku Mzuzu ndi ku Karonga. Kuchokera nthawi imeneyo maboma angapo alonjeza bwalo latsopano la Mzuzu, makamaka chisankho chikayandikira. Anthu a kumpoto amva malonjezo okwana. Nako ku Chileka, bwalo la mbiri kumene Dr Kamuzu Banda adatsikira pa 6 July 1958 ndiponso kumene Papa Yohane Paulo Wachiwiri adafikira mu May 1989, tidachita manyazi mu January 2019 pamene kampani ya South African Airways idaimitsa maulendo ake. Zifukwa zake zidali mpanda woonongeka ndi kuperewera kwa galimoto zozimitsa moto ndi ambulansi. Zidatengera alendo kutiuza kuti pakhomo pathu pali dzenje.

Tsono ife tikupempha zinthu zinayi kwa amene ali ndi udindo, ndipo sitikuloza chipani chilichonse, pakuti batire lija lidaona maboma angapo akulowa ndi kutuluka. Choyamba, boma liuze mtundu wa a Malawi, momveka ndiponso m'zilankhulo zathu, kuti pa malangizo amene malipoti awiri aja adapereka ndi ati amene atsatidwa ndipo ndi ati amene atsala. Lipoti losungidwa m'kabati silipulumutsa munthu. Chachiwiri, ndege iliyonse ya boma, kaya inyamula mtsogoleri kaya msilikali wamba, isanyamuke popanda kachipangizo koitanira thandizo kamene kayesedwa n'kupezeka kuti kali moyo. Mtengo wa batire sungafanane ndi mtengo wa bokosi la maliro, osanenanso za misozi ya ana amasiye. Chachitatu, mabwalo onse, ang'ono ndi akulu omwe, akhale ndi anthu ndi zipangizo zoyezera nyengo, ndipo zokambirana zonse za pa wailesi zizijambulidwa ndi kusungidwa. Chachinayi, pakhale ndondomeko yodziwika ya kafunefune ka ndege yosowa, yoti asilikali, apolisi, achipatala ndi mafumu a m'madera a mapiri azidziwiratu chochita ola loyamba lomwelo. Aphungu athu a ku Nyumba ya Malamulo afunse mafunso amenewa chaka ndi chaka pokambirana za ndondomeko ya chuma.

Pali chinthu china chimene sichifuna ndalama, koma kusintha mtima. Ife a Malawi timalemekeza maliro, ndipo ndi mwambo wabwino. Timalemekezanso akuluakulu, ndipo nawonso ndi mwambo wabwino. Koma miyambo iwiriyi ikakumana pa ulendo imatha kumuika woyendetsa pampanipani. Sitikunena kuti ndi zimene zidachitika pa 10 June, ayi. Tikunena zimene tonse timaziona pa misewu yathu. Ndani sadamvepo anthu m'lole yopita ku maliro akukalipira dalaivala kuti aponde moto chifukwa mwambo wa kumanda uyamba iwo asanafike? Ndani sadaonepo bwato litadzaza mopitirira pa nyanja, mwini wake akuopa kukaniza munthu wolemekezeka? Woyendetsa, kaya wa ndege, wa minibasi, wa bwato kapena wa kabaza, akanena kuti lero njira siili bwino, mawu ake akhale omaliza. Amene wabwerera panjira chifukwa cha nyengo tisamutche wamantha. Fulumira adadya gaga, ndipo amene wachedwa ku maliro amakapepesa mawa lake ali moyo.

Kwa inu azibusa, ansembe, mashehe ndi akulu a mipingo, pempho lathu ndi lapadera. Anthu amakhulupirira mawu anu kuposa a nyuzipepala ino. Ngozi ikachitika, mphekesera zimathamanga kuposa ndege imene, makamaka masiku ano a mafoni a m'manja. Ena amathamangira kunena za ufiti, ena amangoti idali nthawi yake basi, nkhani n'kuthera pomwepo. Zoona, moyo uli m'manja mwa Mulungu, ndipo palibe amene angatsutse zimenezo. Koma Mulungu yemweyo adapatsa munthu nzeru zoyezera mtunda, zowerengera nthawi ndi zosinthira batire likatha. Kusasamala tisakuveke dzina la chifuniro cha Mulungu. Potonthoza anamfedwa, phunzitsaninso amoyo kuti kusamala pa ntchito imene munthu wapatsidwa ndi mbali ya chipembedzo. Kalaliki amene amasaina kuti chipangizo chili bwino asanachiyese ayenera kumva ulaliki umenewu, monganso makaniko amene amamanga buleki ndi waya.

Nanunso mafumu ndi anthu okhala pafupi ndi mabwalo a ndege muli ndi gawo lanu. Mpanda wa bwalo si wodula kukapangira khola kapena msampha wa mbewa. Bwalo si podyetsera ng'ombe ndi mbuzi, si njira yachidule yopitira ku chigayo, ndiponso si dimba. Mbuzi imodzi yodutsa pamene ndege ikutera ingathe kupha anthu makumi awiri. Ndipo inu a m'madera a mapiri ndi nkhalango, mukamva ndege ikulira modabwitsa, ikuuluka pansi kwambiri mu nkhungu, kapena mukamva chiphokoso cha kugwa kwa chinthu, musakhale chete poopa kuti mukhala mboni. Thamangani kwa amfumu, ku polisi kapena ku chipatala chapafupi, ndipo munene nthawi ndi mbali imene mwamvera. Mutu umodzi susenza denga. Uthenga wa munthu mmodzi wotola nkhuni ungafupikitse kafunefune wa tsiku lonse.

Tibwerere kwa mkulu wa mpingo wa ku Kasungu. Bambo, Lamulungu likudzali mukawauze akhristu anu kuti mbali zonse ziwiri zidanena zoona. Kuchoka ku Lumbadzi kukafika ku Mzuzu ndi makilomita pafupifupi 260 m'mwamba, ndipo kuchoka mumzinda wa Lilongwe ndi oposa 350 pa msewu. Pa ndege ndi mphindi 45 kukakhala koyera, pa basi ndi maola asanu kapena kuposerapo. Mukawauzenso kuti mphindi 45 zimenezo zimadalira anthu ambiri amene wokwera sawaona, monga woyeza nyengo, wokonza injini, woyankha pa wailesi, wolondera mpanda ndi wosunga ndalama za boma. Mmodzi mwa amenewa akagona pa ntchito, ulendo waufupi umatalika mpaka muyaya. Mayi amene adafunsa funso lija mukamuthokoze m'malo mwathu.

Mabanja asanu ndi anayi adataya okondedwa awo ku Chikangawa, ndipo madzi akatayika saoleka. Chimene tingawachitire ndi kuonetsetsa kuti banja lina lisadzalirenso chifukwa cha zinthu zimene zikadatheka kukonzedwa. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Tsamba lino likhala lotsegula kwa aliyense amene ali ndi maganizo pa nkhaniyi, ovomereza ndi otsutsa omwe, ndipo ngati a boma ali ndi yankho pa mapempho athu anayi aja, tidzalisindikiza lonse pamalo pomwe pano.

Mkonzi